Kwirirani

Dzina lakuti a Hutala anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, ndipo linali lachipongwe. Bambowa anayendetsa lole zaka makumi atatu, koma mawu amene anayankhula pa zaka zonsezo mukanatha kuwakulunga m'kampango kamodzi. Anzawowo ankati munthuyu pakamwa pake ndi hutala ya galimoto: ukawapatsa moni amangogwedeza mutu, ukawayimira kutsogolo ndiye umawamva. Dzinalo linawakanirira mpaka atapuma pantchito, ndipo iwo sanadandaule. Kudandaulanso kumafuna mawu.

Woyankhula pakhomopo anali akazi awo. Amenewo ndiye Mulungu anawapatsa mowolowa manja. Ankayankhula akusesa, akuchapa, akusenda anyezi. Ankayankhula ndi wailesi, ndi mphaka wa eni, ndi ketulo ikachedwa kuwira. A Hutala akakhala pampando wawo wa pakhonde, mawu a mayiwo ankangowadutsa uku ndi uku, iwo n'kumati "mhm" pamene pakufunika mhm. Anakhala choncho zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe amene anaonda nazo.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ina yaikulu, ndipo bwalo lonse mwini wake anathira simenti kuyambira pageti mpaka kuchimbudzi. Dothi loti munthu n'kubzalapo ngakhale tsabola panalibe. Mayiwo anakula ndi khasu m'manja, ndiye zimenezi zinkawadya mumtima. Anayamba kupempha ndowa za penti kwa amisiri omanga nyumba, zija zikuluzikulu za pulasitiki, n'kumazitsuka, n'kuziboola kunsi ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka. Anthu a mumsewumo anawatcha amayi a Ndowa. M'ndowamo ankabzala mbatatesi, ziwiriziwiri, ndipo ulendo uno ndowa zinalipo zisanu ndi ziwiri, atazindandalika kukhoma la kuseri kumene kumafika dzuwa la m'mawa. Mmene ankazilimira, a Hutala sankadziwa. Kuuzidwa ankauzidwa ndithu, tsiku ndi tsiku, mwatsatanetsatane, koma ndanena kale za mhm uja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri lina m'mawa, mbatatesi zitangotulutsa masamba oyamba, mayiwo anawerama kuti anyamule keni yothirira, n'kugwa chammbali pasimenti pomwepo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono, ndipo mawu onse aja anatsekeredwa m'kati. Maso ankayang'ana, milomo inkagwedera, koma chotuluka panalibe.

Atagona m'chipatala milungu itatu, mwana wawo wamkazi, mzime, amene ndi mphunzitsi, anawatengera kwake. Mzimeyo amakhala kutsidya lina la tauni, m'nyumba zosanjikizana, pamwamba pachitatu. Anati kumeneko kuli bafa la m'nyumba, ndiponso sukulu zatsekera, adzakhala nawo tsiku lonse. A Hutala sanatsutse. Akanatsutsa ndi chiyani, munthu woti ngakhale phala akaphika limadzaza mibulu?

Anatsala okha, ndipo anawasowa koopsa akazi awo. Si kuti ankasowa wowaphikira kapena wowachapira. Zimenezo munthu wa pamsewu amazidziwa mwa njira yake. Ankasowa phokoso. Ankayatsa wailesi m'mawa, wowerenga nkhani n'kunena zake zonse mpaka kumaliza popanda womutsutsa, ndipo nkhanizo zinkamveka zosapsa. Ketulo inkachedwa mmene ikufunira. Tsiku lina anadzipeza akuti "mhm" ali okhaokha pakhonde, popanda wanena kanthu, ndipo anachita manyazi ngati wina wawaona. Anakhala pamenepo nthawi yaitali akuyesa kukumbukira nkhani imodzi yokha imene mayiwo anawauza mlungu womaliza uja. Ankakumbukira kamvekedwe kake, pokwera ndi potsika, ndi kaseko ka pakati, koma mawu enieniwo sanatolepo ngakhale amodzi.

Ndowa zija sanazitaye. Za ulimi ankadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti mbewu imafuna madzi, ndiye chimodzicho ankachichita ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse ankakhuthulira madzi m'ndowa iliyonse ngati akudzaza thanki, madzulo chimodzimodzi. Mbatatesi zinakula, zinatalika kupitirira milomo ya ndowa, mitengo yake yowondawonda n'kuyamba kugwera kunja. Iwo ankaona kubiriwirako n'kumati zinthu zili bwino. Akatha kuthirira ankasamba, kuvala jekete, kukwera minibasi ziwiri, n'kukakwera masitepe a kwa mzime, akupumira pa nsanjika iliyonse.

Mawu aja anatuluka tsiku lachinayi mayiwo ali kwa mwana wawo. A Hutala anali pampando pafupi ndi bedi akusenda lalanje, mzime ali pakhomo ndi kapu ya madzi. Mayiwo anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kugwira mkono wa jekete la amuna awo. Anaukoka. Khosi linatupa mitsempha, milomo inalimbana, ngati munthu amene akukankha galimoto yokana kulira.

"Kwi... kwiri..." Anapuma. "Kwirirani."

Poyamba onse awiri anasangalala, chifukwa munthu anali atayankhula. Mzime anaika kapu pansi n'kuthamangira pabedi. Koma mayiwo anasiya mkono wa jekete, n'kugwira bulangeti limene linali m'chiuno, n'kulikoka pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, mpaka m'khosi, mutu wokha uli panja. Anawayang'ana amuna awo m'maso n'kubwereza, tsopano momveka bwino.

"Kwirirani."

Chisangalalo chija chinazima pomwepo. Mawu amenewa aliyense amadziwa kumene amanenedwa: kumanda, bokosi litatsitsidwa, anthu atagwira mafosholo. Ndiye akawanena munthu wodwala, atagona chagada, atadzifunditsa mpaka m'khosi, mungaganize chiyani? Mzime anatuluka n'kukatsegula mpopi wa kukhitchini kuti asamveke akulira. A Hutala anatsala ndi lalanje losenda theka m'manja.

"Mayi, musatero," anatero. Ndi zokhazo zimene anapeza.

Kuyambira tsiku limenelo, moni wawo unali womwewo. A Hutala akangolowa m'chipindamo, asanavule ndi chipewa chomwe, dzanja lamanzere lija linkadzuka, bulangeti n'kukwera mpaka m'khosi. Kwirirani. Pochoka, kwirirani. Kwa mzime sankanena, ankanena kwa amuna awo okha, ndipo tsiku lililonse ankanena mwamphamvu kuposa dzulo lake, maso ali psuu.

Namwino wina ankabwera kawiri pa mlungu kudzawongola ziwalo za mayiwo, ndipo mzime anamufunsa za mawuwa, bambo ake ali pomwepo. Namwinoyo anali munthu wabwino, wosabisa. Anati odwala matendawa ena amatsala ndi liwu limodzi lokakamira pa lilime, lopanda tanthauzo, loti amangolinena pa chilichonse. Anati enanso amataya mtima, amaona kuti asanduka katundu, n'kumalakalaka kupuma. Chimene chinali kwa mayiwa, iye sakanatha kudziwa.

A Hutala anatsika masitepe tsiku limenelo atanyamula zinthu ziwirizo, ndipo zonse zinali zolemera. Ngati mawuwo alibe tanthauzo, ndiye kuti akazi awo mulibemo m'thupi lija, anapita kale. Ngati ali ndi tanthauzo, ndiye kuti alimo, koma akufuna kuwasiya. Mu minibasi yonse ankangosinthanitsa ziwirizi, osadziwa choti apemphere. Chimene iwo ankafuna chinali chaching'ono: mkazi wawo akhalepo, ndipo afune kukhalapo.

Patapita mlungu, anachita chimene sanachitepo chikwatirireni. Anali atagona moipa, miyendo ikuwawa ndi masitepe, ndipo atangolowa, bulangeti lija linayamba ulendo wake wopita m'khosi.

"Kwiri..."

"Iyayi," anatero a Hutala, mawu ali pamwamba. "Ndatopa nawo mawu amenewo. Sindikwirira ine. Mukundimva? Lero sindikwirira, mawa sindikwirira. Muiwale."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo simunali misozi. Munali chinthu china chimene a Hutala sanachizindikire, ngati munthu amene wagogoda pakhomo mpaka zala kutupa, eni ake ali m'kati akumuyang'ana pawindo. Kenaka anadzikoka ndi dzanja limodzilo, movutikira, n'kutembenukira kukhoma.

Sananenenso. Tsiku lotsatira a Hutala analowa, anavula chipewa, anakhala, ndipo anaona msana wokha. Linzakelo chimodzimodzi. Taonani mtima wa munthu mmene ulili: mawu omwe aja ankawaopa, tsopano ankawalakalaka. Ankakhala pampandopo maola atatu akuyembekezera kuti mwina dzanja lidzuka, mwina amva ngakhale "kwi" yekha, chifukwa mawu oipawo anali mawu a akazi awo, ndipo ena analibe.

Lachitatu mzime anawaperekeza mpaka pa masitepe n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Ababa, amayi sakudya. Dzulo masupuni atatu, lero awiri, ndipo achiwiriwo alavula."

"Mhm."

"Musati mhm, ababa. Adokotala akuti zikapitirira chonchi, Lachisanu tiwabwezere kuchipatala akawaike chubu cha m'mphuno. Ine ndikuopa kuti akalowanso kumene kuja satulukako." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Inu mwakhala nawo zaka zonsezi. Simungadziwe choti muwauze?"

A Hutala anayang'ana chipewa chawo. Zaka zonsezo wouza mnzake zinthu sanali iwo, ndipo analibe poyambira. Anangoti abwera mawa, n'kuyamba kutsika.

Lachinayi m'mawa ali kuseri ndi keni yawo, anamva wilibala ikulira pageti. Anali mayi woweta nkhuku wa kumapeto kwa msewu, mnzawo wa amayi a Ndowa, munthu wamfupi wa mawu ambiri ngati mnzakeyo. Mu wilibalamo munali thumba lodzaza, lomanga pakamwa ndi chingwe.

"Odi kuno. Ndasesa m'khola dzulo, ndiye ndati ndisaiwale mnzanga, paja amati ndikasesa ndiziwakumbukira. Ali bwanji kumeneko?"

"Ali choncho."

"Mulungu alipo, bambo. Ndiike kuti?"

Sanadikire yankho. Anakankha wilibala mpaka kuseri, n'kuima. Anayang'ana ndowa zisanu ndi ziwiri zija, mitengo itagwera uku ndi uku, n'kugwira m'chiuno.

"Kodi bambo, mbatatesizi zinakulakwirani chiyani?"

"Ndimathirira kawiri pa tsiku."

"Ndikuona kumene, mwakokolola dothi lonse." Anawerama n'kupatula masamba a ndowa yoyamba. "Tabwerani muone."

Pansi pa tsinde, pamwamba pa dothi, panali timbatatesi titatu tangati mazira a njiwa, tili pamtunda, tobiriwira mbali imene timaona dzuwa.

"Izi zatha ntchito. Mbatatesi ikaona dzuwa imabiriwira, imawawa, ndipo mukadya mumva m'mimba. Nanga simukwirira bwanji?"

Keni ija inapendekeka m'manja mwa a Hutala, madzi n'kuyamba kuthira nsapato zawo.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndati simukwirira bwanji? Simukuona kuti ndowa zonsezi dothi lili theka? Mukuyesa mnzanga linamuthera? Amasiya dala. Mbatatesi imabereka m'dothi, mumdima, ndiye ikakula kutalika ngati chikhatho mumathira dothi losakaniza ndi manyowa kuzungulira tsinde, mpaka m'khosi, kungosiya mutu panja. Ikakulanso, mukwiriranso, mpaka ndowa idzale. Izi zimayenera kukwiriridwa milungu itatu yapitayo. Mnzanga akanaziona chonchi, sakanagona tulo."

Mpaka m'khosi, kungosiya mutu panja. A Hutala anafufuza pokhala, napeza beseni lovundikira, n'kukhalapo. Anaona bulangeti lija likukwera, anaona maso aja. Mkazi wawo anagona chagada kutsidya kwa tauni akuwerenga masiku a mbatatesi zake, anakumba m'mutu mosweka muja mpaka kupeza liwu limodzi lofunikalo, analikoka mpaka pakamwa, anawasonyeza ndi bulangeti lomwe mmene amachitira. Ndipo iwo anamuyankha kuti lero sakwirira, mawa sakwirira, aiwale. Chisoni ndi chimwemwe zinawagwira nthawi imodzi. Alimo. Munthu uja alimo yense, ndipo sakufuna manda, akufuna mbatatesi zake.

Tsono apa mpamene ndimawapsera mtima bambowa. Mayi wa nkhuku anali asanamalize. Ananena momveka bwino, ataloza thumba limene anabweretsa, kuti awa ndi manyowa aawisi, zitosi za dzulodzulo ndi utuchi, asawayerekeze kuwathira tsopano chifukwa amawotcha mbewu. Awasiye pamthunzi miyezi iwiri kapena itatu awole. Ananenanso kuti mnzakeyo amasunga dothi ndi manyowa owola kale pansi pa lata kuseri kwa chimbudzi, atenge amenewo. Ananena kawiri. Amati safunsa anadya phula, koma womvetsa chisoni kwambiri ndi uja amauzidwa makutu ali kwina. A Hutala anali atakwera kale minibasi mumtima mwawo. Anati "mhm," mayiyo n'kutenga wilibala yake kumapita.

Anamasula thumba lija. Fungo linawamenya m'mphuno ndi m'maso, misozi n'kutuluka, iwo n'kumayesa ndi ya chimwemwe. Atapisa dzanja anamva kutentha ngati mwa mkate wongophula kumene, ndipo anaganiza kuti amenewa ndiye manyowa amphamvu, oyenera mbatatesi zimene zazunzika. Anagwada pasimenti. Ankadzutsa tsinde lililonse mosamala, kuligwira ndi dzanja limodzi, linalo n'kumathira manyowa ndi mbale yakale, osasakaniza ndi kanthu, mpaka m'khosi. Anachita ndowa yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chiwiri, thumba n'kutha. Ataimirira n'kuziyang'ana zitaima chilili, mitu yokha ili panja, anamva kunyada kumene sanakumvepo chipumireni pantchito.

Sanasambe. Anasankha ndowa ya masamba okongola kuposa zonse, anaikumbatira, n'kutuluka nayo pageti.

Kondakitala wa minibasi yoyamba anafuna kuiika kumbuyo, iwo anakana, anati aifungata. Galimoto isanayende mtunda, anthu anayamba kutsegula mawindo.

"Madala, mwana mwafungatayu wadya chiyani?" anafunsa kondakitala, anthu n'kuseka.

Mayi wina anadziphimba mphuno ndi mpango n'kunena kuti anthu ena alibe chisoni ndi anzawo. A Hutala sanamve chilichonse. Ankateteza masamba ndi chikhatho kuti mphepo ya pawindo isawathyole, uku akuyeseza mumtima mawu oti akanene. Mu minibasi yachiwiri anawakhazika pampando wa kumbuyo okhaokha. Masitepe anakwera osapumira pa nsanjika yoyamba, koma pa yachiwiri mawondo anawakumbutsa zaka zawo, ndipo anatsamira khoma ndowa ili pachifuwa.

Mzime atatsegula chitseko anabwerera m'mbuyo.

"Ababa, mwabwera ndi khola lonse? Chimenechi musalowe nacho, m'nyumba muli wodwala."

A Hutala anamudutsa. Analowa kuchipinda n'kuika ndowa pampando umene ankakhalapo, pafupi ndi bedi. Mayiwo anali chitembenukire kukhoma, phewa lowonda lili pamtunda, mbale ya phala lozizira ili patebulo. A Hutala anavula chipewa. Mawu onse amene anayeseza mu minibasi anabalalika, ndiye anangoyamba ndi amene anali pafupi.

"Mayi, ndakwirira."

Phewa silinagwedezeke.

"Mbatatesi zanu. Ndakwirira mpaka m'khosi. Sindinamve, mayi. Mumandiuza tsiku lililonse, ine ndimaganiza zina, ndimaopa. Ndi kale lomwe mumandiuza, ndili pakhonde paja, ine osamva. Kunyumba kuja kulibe munthu woyankhula. Ndakusowani. Mundikhululukire."

Chikwatirireni, a Hutala anali asananenepo mawu ochuluka chotero pa mpweya umodzi, ndipo mzime, amene anaima pakhomo atagwira mphuno, anatsitsa dzanja. Anayang'ana ndowa, anayang'ana mayi ake, n'kukhala pansi pomwepo pakhomopo, atamvetsa.

Kunena zoona, chimene chinawatembenuza mayiwo sindikudziwa ngati anali mawuwo kapena fungo. Mutu unayamba, kenaka phewa, kenaka thupi lonse, movutikira. Anaona masamba aja ali pafupi ndi nkhope yawo. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kutambasula dzanja lamanzere kukhudza tsamba limodzi, kulitembenuza kuti aone kunsi kwake, monga amachitira alimi. Kenaka anayang'ana amuna awo, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inanjenjemera. A Hutala anaona kuti akuwaona.

Dzanja lija linatsika m'ndowa. Zala zinalowa m'manyowa, n'kuima. Zinatapa pang'ono, zinafikisa, zinapita nawo kumphuno. Nkhope ya mayiwo inasintha. Anayang'ana zimene zinali m'manja mwawo, anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo anatsonya. Kunali kutsonya kwautali, kochokera pansi pa mtima, kopanda chilema ngakhale pang'ono. Matenda anatenga dzanja, mwendo ndi mawu, koma kumeneku sanakupeze.

"Ndalakwitsa?" anafunsa a Hutala.

Mayiwo sanataye nthawi ndi funso lotero. Anagwira dzanja la amuna awo, analikokera m'ndowa n'kulikanikiza pansi kuti amve okha kutenthako, pafupi ndi tsinde lanthete lija. Apo mpamene mawu a mayi wa nkhuku anawapeza, mochedwa ngati kalata yosochera: aawisi, amawotcha, pansi pa lata. 

Mayiwo anali atayamba kale ntchito. Ankatapa manyowa ndi dzanja limodzilo n'kumataya pansi, pa matailosi oyera a mwana wawo, kutapa, kutaya, kutapa, kutaya, akupuma mwamphamvu. Mzime anadzuka kuti awaletse, koma bambo ake anamugwira mkono.

"Asiye."

Anagwada iwonso n'kuyamba kuthandiza, mosamala kuti asathyole tsinde. Akafulumira, kadzanja kaja kankawamenya pamsana pa dzanja. Akasiya zitosi pafupi ndi tsinde, chala chinkaloza. Anatapa mpaka dothi lakale linaoneka. Pansi ponse panali utuchi ndi zitosi, chipinda chikununkha khola, ndipo a Hutala ankamwetulira ngati chitsiru, misozi ikutsikira m'ndevu.

Atamaliza, mayiwo anagwetsa mutu pa pilo, atatopa. Koma maso sanatseke. Analoza ndowa ija, kenaka anadzutsa dzanja n'kutambasula zala zonse zisanu, anazipinda, n'kudzutsanso chimodzi. Zisanu ndi imodzi zotsala kunyumba. Anadikira.

A Hutala anayang'ana pansi.

"Zonse," anavomera. "Thumba lonse latha."

Mayiwo anatseka maso. Anapuma kamodzi, kawiri. Kenaka anatsamira chigongono chamanzere n'kuyamba kudzikankha kuti adzuke, ndipo amuna awo atawagwira kumsana, anakhala tsonga kwa nthawi yoyamba osachita kuuzidwa. Mwendo wamoyo unatsika pabedi wokha. Winawo anaukoka ndi dzanja. Khosi linatupanso mitsempha, milomo inalimbana.

"Nsa... nsapa..." Anameza malovu. "Nsapato."

"Amayi," anatero mzime, akuseka ndi kulira pamodzi, "simunadye masiku atatu. Pali masitepe. Ababa apita okha akachotse, ine ndiyitana galimoto mawa, mukadya."

Mayiwo anayang'ana mbale ya phala ija, anayang'ana amuna awo, ndipo zinaonekeratu kuti munthu amene wathira zitosi zaziwisi m'ndowa zisanu ndi ziwiri sangatumidwenso yekha. Analoza mbale kuti ibwere. Kenaka analoza mapazi awo.

"Nsapato."

Mzime anapatsa bambo ake mbale n'kuthamanga kukafuna. Anayang'ana pansi pa bedi, m'kabati, m'chikwama chimene anachokera nacho kuchipatala. Munali zitenje, mankhwala, thawulo, buku la nyimbo. Anaima pakati pa chipinda manja ali lende. Mayi ake ananyamulidwa pabwalo paja opanda nsapato, kuchipatala anatuluka pa njinga ya odwala, pamasitepe anakwera atanyamulidwa. Milungu isanu ndi umodzi yonseyi, iye ndi bambo ake anakumbukira mankhwala, mapilo ndi malalanje, koma panalibe amene anaganizapo kuti munthuyu adzafunanso kupita kwina kwake.

"Zanga siziwakwana," anatero motsitsa mawu. "Phazi linatupa."

A Hutala anaika mbale m'manja mwa mwana wawo. Anakhala pansi, pa zitosi pomwepo, n'kumasula nsapato zawo zakuda zija, zonyowa ndi madzi a m'keni. Anazipukuta m'kati ndi mpango wa m'thumba. Anayamba ndi phazi lamanja, lija losamva kanthu, analilowetsa pang'onopang'ono atagwira chidendene, ndipo zingwe anamanga mfundo ziwiri kuti zisavuke pamasitepe.